Maso a Mayi Mawaya

Mlongoti anafika akukankha njinga yake yamoto, thukuta lili kamukamu, mahandulo atsopano atawakoleka m'khosi ngati goli. Dzina limeneli anampatsa ndi anthu a mumsewu momwemo, poti munthuyo anatalika ngati tsiku la njala, ndipo akakwera kanjinga kake koperekera katundu wa m'masitolo ankachita kupindika pawiri, mawondo ali m'makutu. Msana utayamba kumuvuta, wina anamuuza kuti agule mahandulo aatali, aja okwera m'mwamba, kuti aziyendetsa atawongoka. Kugula anagula. Koma atawamangirira anapeza kuti chilichonse chaperewera: kebulo ya moto siikufika, ya kilatchi siikufika, mawaya a maswitchi nawo akuthera panjira. Ndiye mwana wa munthu, m'malo mofunsa, anatenga sizasi ya mkazi wake n'kudula mtolo wonse wa mawaya nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere, ati alumikiza yekha. Safunsa anadya phula. Zitamukanika anabwezeretsa mahandulo akale, n'kuuyatsa ulendo wa ku garaja ya a Mawaya, maswitchi ali m'thumba la jekete, michira yawo ili lendelende.

A Mawaya, eni garajayo, anali munthu wosasunga mawu m'kamwa. Likanakhala tsiku lina akanamusambwadza Mlongoti mpaka makutu kutentha, ometa tsitsi a khomo loyandikana n'kutuluka kudzaonerera. Koma tsikulo anangolandira maswitchi aja, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kusuzumira mtolo wina umene unatsala kunjinga, uli nyankhalala kuseri kwa nyali. Anamuuza kuti abwere mawa madzulo. Mlongoti anadabwa kuti wapulumuka chonchi, ndipo anachoka msangamsanga mkuluyo asanasinthe maganizo.

Aliyense amene anagwirapo ntchito imeneyi amadziwa kuti mawaya satalikitsa choncho. Umadula mmodzi, kuikapo chidutswa, kuwotcherera, kukulunga, kenako n'kupita pa wina. Ukatero, ngakhale utatsinzina sungasokoneze. Koma akadulidwa onse pamodzi, chimene chimakuuza kuti uyu mnzake ndi uyu ndi mtundu wake basi, wofiira kwa wofiira, wobiriwira kwa wobiriwira. Apa ndiye panagona nkhani.

Chibadwire, maso a mkuluyu sankasiyanitsa chofiira, chobiriwira, chabulauni ndi cha olenji. Chakuda ndi choyera ankaziona, chachikasu ndi chabuluu ankaziona, koma zinazo kwa iwo zinali matope amodzi. Tangoganizani, mmisiri wa magetsi a njinga, wotchuka mpaka kupatsidwa dzina la Mawaya, koma osadziwa waya wofiira. Ndani akanamusiyira njinga yake? Ndiye anazibisa. Anabisira makolo awo, anabisira amene anawaphunzitsa ntchito, ndipo pansi pano ankadziwa ndi munthu mmodzi yekha. Ameneyo anali akazi awo, amene anazitulukira okha ukwati udakali wa dzulodzulo, ataona mwamuna wawo akubwera ndi tomato wosapsa ulendo ndi ulendo, n'kumaumirira kuti wasankha wakupsa. Sanaseke, sanakauzenso amayi awo. M'mawa mwake ananyamula mpando ndi katebulo n'kukaika pakhomo pa garaja, ati akufuna kumagulitsa sopo ndi maswiti.

Kuyambira pamenepo maso a garaja ija anali mayi Mawaya. Ndipo poti makasitomala ali ndi makutu, awiriwa anapangana zawozawo. Waya wofiira anamutcha amalume, chifukwa amalume a bamboyo sankachedwa kupsa mtima. Wobiriwira anali azakhali, wabulauni apongozi, wa olenji alamu. Bambo ankakweza waya ngati akumuunika padzuwa, n'kutsokomola pang'ono, ndipo mayi, akupitiriza kumanga sopo m'pepala, ankangoponya diso n'kunena kuti apongozi aja sanabwezebe beseni lathu. Basi, bambo adziwa. Anthu ankachoka akupukusa mitu, ati banja ili ntchito kujeda abale tsiku lonse. Ngakhale mwana wawo anakula akuganiza chomwecho.

Kenako anafika matenda aja osapweteka paliponse. Anayamba ngati nthabwala, mchere mu tiyi, makiyi m'poto. Mayi ankaseka, bambo ankaseka. Kuseka kunatha pamene mayi anayamba kugawa maswiti onse kwa odutsa, kufunsa za anthu amene anaikidwa kalekale, ndi kuima pakati pa chipinda chawo chomwe n'kumafunsa kuti khomo lili kuti. Tsiku lina bambo atagwada kuseri kwa injini, anadzuka n'kupeza mpando uli wokha. Anathamanga msewu wonse ngati wamisala, ndipo anakawapeza ndi mkulu wa ometa tsitsi, ali pokwerera mabasi, nsapato imodzi ili m'manja.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, wamkazi, wokwatiwa kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Atamva za pokwerera mabasi anabwera, n'kulira m'khitchini atatseka chitseko kuti amayi ake asamve. Ananena kuti kwawo wakonza chipinda, nyumbayo ili mumpanda, ndipo pakhomo sipasowa munthu.

"Ababa, sindingatenge amayi ngati ndikuba," anatero. "Ndidikira mawu anu. Koma tsiku lina adzatuluka osapezekanso, ndipo inu ndi ine sitidzayang'anananso kumaso."

A Mawaya anayankha mokalipa kuti amayi ake ali bwinobwino, ndi kutopa chabe, ndipo ana a masiku ano akangoona munthu waiwala makiyi amathamangira kumutsekera mumpanda. Mwanayo sanatsutse. Anawachapira zovala, kuwasesera m'nyumba, n'kubwerera kwawo, ndipo kuyambira pamenepo foni ya bambo inkangokhala m'thumba ngati khala la moto.

Koma tinene zoona, mkuluyu ankaopa. Panali patapita miyezi asanakweze waya n'kutsokomola. Anali ndi kababu koyesera magetsi, kokhala ndi timawaya tiwiri, ndipo ndi kameneko ankafufuza waya aliyense payekhapayekha, ntchito ya kanthawi kochepa n'kutha theka la tsiku. Ankadziuza kuti sakufuna kuwatopetsa mayi. Bodza lenileni. Sankafuna kumva yankho, chifukwa malingana ngati sanafunse, ankatha kukhulupirira kuti mkazi wawo akadalimo m'thupi lija, wangobisala penapake.

Ndiye Mlongoti atangokhota pakona, a Mawaya anayang'ana mtolo wa mawaya uja, n'kuyang'ana akazi awo, amene anali pampando wawo akupinda kansalu n'kukapindulanso, katebulo kali mbee. Anatsegula dirowa, anaponyamo kababu kaja, n'kutseka. Mumtima anadula mlandu okha. Mawaya awa awerenge ndi mayi, monga kale. Akakhoza, ndiye kuti akadalipo, ndipo palibe mwana kapena dokotala amene awachotse pakhomo pano. Za mbali inayo sanafune kuziganiza.

Anayamba ndi zimene zimafuna manja okha. Anamasula mahandulo akale n'kumanga atsopano aja, otambalala ngati nyanga za ng'ombe. Kenako anatenga chingwe n'kuyeza njira ya kebulo ya moto, kuchokera pa chogwirira cha kumanja, chija chopotokola, kutsika kuseri kwa nyali, kudutsa pansi pa thanki mpaka pa kabureta. Sanayeze mahandulo ali chowongoka ayi. Anawakhotetsa mpaka kumapeto kumanzere, kuyeza, mpaka kumapeto kumanja, kuyezanso. Kebulo yoperewera ndi mfiti. Panjira yowongoka imakhala phee, koma ukangokhota imadzikoka yokha, njinga n'kulumpha nawe kukakutaya m'ngalande. Mlongoti ndi wopusa, inde, koma ali ndi ana.

Pamsomali wa kukhoma panali makebulo akale osawerengeka. Anasankhapo chikuto chachitali chimene chinali chisanathetheke, anachidula molingana ndi chingwe chija, n'kulowetsamo kawaya katsopano atakapaka mafuta. Nzeru yake yagona pa kachidutswa kamene kamatsala kunja kwa chikuto. Kameneko kayenera kufanana ndendende ndi ka kebulo yakale, apo ayi moto sutseguka wonse kapena sutsekeka. Anayeza ndi chala, analowetsa kamutu ka mkuwa, anayala tinsonga ta kawayako, n'kuthirapo mtovu wosungunuka mpaka unadzaza. Utazizira anapala ndi tupa. Atamanga zonse anapotokola chogwirira n'kuchisiya, ndipo m'kabureta munamveka kuti tha. Anakhotetsa kumanzere, tha. Kumanja, tha. Kale akanatembenuka n'kunena kuti mwamva zimenezo, amayi, ndipo mayi akanawayankha kuti kudzitama salipira msonkho. Anatembenukadi, koma mayi ankayang'ana galu wina kutsidya kwa msewu.

Masana anawiritsa tiyi pa kambaula ka m'garaja, anathira m'makapu awiri, n'kunyemanyema buledi kuti mayi asavutike. Anakhala pa chitini cha mafuta pambali pawo. Kuseri kwa khoma ometa tsitsi ankaseka chikhakhali, kukangana za mpira, ndipo njinga zinkadutsa, ena akuliza hutala powapatsa moni. Mumsewu monsemo panalibe amene sankawadziwa a Mawaya, koma panalibenso amene akanamuuza zimene zinali kuwadya. Kusungulumwa koipa ndi kuja kumene kumakupeza munthu wako ali pafupi, phewa lake likukhudza lako. Anawafotokozera mayi za Mlongoti ndi sizasi ya mkazi wake, akukometsera pena ndi pena kuti mwina aseke. Mayi anamvetsera mwaulemu ngati akumvetsera mlendo, kenako anafunsa ngati mwana wabwera kuchokera kusukulu. Bambo anati sanabwere, ndipo anatsuka makapu.

Madzulo ake anamaliza kebulo ya kilatchi ndi ya buleki. Analumikizanso mawaya amene maso awo ankawatha, akuda, oyera, achikasu ndi abuluu. Zidutswa zotalikitsira ankadula pa mpukutu umodzi wakuda, ndipo mfundo zake sankazilumikiza pamalo amodzi. Uyu ankamuwotcherera m'mwamba, uyu m'munsi pang'ono, winayu m'munsi mwake, kuti mtolo usatupe pakati ngati njoka yomeza khoswe. Pomwe ankatseka garaja n'kuti patatsala amatope okhaokha, kagulu ku maswitchi, kagulu kunjinga, akuyang'anizana.

M'mawa ndi pamene mutu wa mayi unkakhalako bwino, ndiye bambo analawirira. Anawatenthetsera madzi, anawapesa tsitsi ndi manja awo aja okakala, anawaveka diresi limene mwana anati ndi lokongola, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono atawagwira pachigongono. Dzuwa linali litangofika pakhomo pa garaja. Anakankhira njinga pafupi ndi mpando, anayatsa chowotcherera, anapukuta manja, anapukutanso. Kenako anatola waya mmodzi wa ku switchi ya kumanja, anamukweza, n'kutsokomola.

Mayi anapitiriza kupinda kansalu kawo. A Mawaya anadikira, mkono uli m'mwamba ngati mwana wa sukulu. Anatsokomolanso. Pamenepo manja a mayi anaima, mutu unadzuka, ndipo diso linaponyedwa mwa kale lija, la m'mbali.

"Amalume anu aja," anatero mayi, "akadali ndi ukali wawo uja?"

"Akadali nawo, amayi," anayankha bambo. "Ukali sukalamba."

Abale inu, chimwemwe chake! Mkulu uja anachita kupepuka miyendo. Anapita ku kagulu ka kunjinga, kukweza uyu, mayi akuti amenewo ndi azakhali, mukufuna kuwakwatitsa kwa amalume kodi. Kukweza wina, akuti eya, amalume ndi amenewo. Bambo anapota, anawotcherera, anakulunga. Anakweza wina, akuti apongozi sanabwezebe beseni. Wina, akuti alamu anu adya n'kuthawa osatsazika. Mayankho ankabwera msanga, osakayika, nkhope ya mayi itawala, msana utawongoka pampando. Mpaka anawadzudzula kuti asamagwire chowotcherera ngati supuni, apsa. A Mawaya anaseka mokweza moti mkulu wa ometa tsitsi anasuzumira, lezala lili m'manja, n'kunena kuti lero ndiye abale anu aona zakuda, kujeda kwayambiranso.

Sanayese waya ngakhale mmodzi. Akanayesa bwanji, ngati kuti sakuwakhulupirira? Anakulunga mtolo wonse ndi tepi mosamala, anauyendetsa m'mbali mwa mahandulo, anaumanga ndi timalamba, n'kusiya mpata wokwanira pakhosi pa njinga kuti usakokeke pokhota. Ntchito inaoneka bwino ngati ya kufakitale. Akumanga maswitchi ankakonza kale mawu okamuuza mwana wawo. Sakanamuuza chifukwa chake, poti chinsinsi sichinali chawo okha, koma akanamuuza molimba mtima kuti amayi ako sakupita kulikonse, ndipo chipinda chakocho ugonekemo alendo. Anatuluka n'kukawagulira mayi chakumwa chozizira pa kagolosale ka pakona.

Atabwerako analumikiza batire, n'kutembenuza kiyi.

Panamveka kuti thi, kaphokoso kakang'ono zedi, ndipo nyali ya padashibodi sinayake. Fyuzi inali itapsa. A Mawaya anaitulutsa, anaiunika, n'kuyamba kuitukwana, ati mafyuzi a masiku ano ndi zinyalala, amapsa ukangowayang'ana. Anaika ina. Anatembenuza kiyi, ndipo nyali inayaka. Anapuma. Anadina hutala, koma m'malo molira, nyali ya kumbuyo ndiyo inaphethira, kenako thi, ndipo kunamveka kafungo ka pulasitiki wotentha. Anachotsa batire msanga.

Munthu akafuna kudzinamiza sasowa njira. Anadziuza kuti wolakwa ndi iwo, kuti mwina mayi atanena, iwo ndi chimwemwe chija anasiya waya woyenera n'kutola wina. Inde, ndi zimenezo, ukalamba. Anamasula timalamba, anasenda tepi yense amene anakulunga mwaluso uja, n'kudula mfundo zonse za amatope. Atatha anatola waya mmodzi, anamugwira zolimba pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, anamukweza, n'kutsokomola.

Mayi anati azakhali aja akudwaladwala masiku ano.

Bambo anatsitsa mkono, koma waya sanamusiye. Anachita ngati akufuna kanthu pansi, anadikira pang'ono, n'kukwezanso yemweyo. Anatsokomola.

Mayi anati apongozi sanabwezebe beseni.

Akanalekera pomwepo, koma munthu ukaponda paminga umafuna kuona kuti yalowa mpaka pati. Anakwezanso waya yemweyo, asanamusunthe m'zala, ndipo mayi, akumwetulira ndi mtima wonse, anafunsa ngati amalume akadali ndi ukali wawo uja.

A Mawaya anakhala pansi pa chitini cha mafuta. Tsopano anaona chimene anakana kuona m'mawa wonse. Diso lija linkaponyedwadi, koma silinkafika pa waya. Mayi ankangoyankha chifuwa cha mwamuna wawo, monga anachiyankhira moyo wawo wonse, ndipo ankasangalala kuti afunsidwanso. Nthabwala zinatsala, mawu anatsala, chikondi chinatsala, koma amene ankawerenga mawaya uja anali atachoka kale, osatsazika, mwina miyezi yapitayo, iwo ali kalikiliki ndi kababu kawo. Sanalire, chifukwa mayi ankawayang'ana, akudikira waya wina.

Anadzuka, anawatsegulira chakumwa chija, n'kuwauza kuti apume, agwira ntchito yaikulu. Kenako anatsegula dirowa.

Ntchito ya kababu ndi ya munthu wopanda mnzake. Umagwira waya mmodzi wa ku switchi, kudina batani, kuona ngati kayaka. Sikanayake, ugwire wina. Ukapeza wa hutala umamumanga kachingwe, wa indiketa ya kumanzere mfundo ziwiri, wa sitata kapepala. Ukatha uko upite kunjinga, uike fyuzi ina, ufufuze amene ali ndi moto, amene akupita kuchitsulo, amene akuyatsa nyali iti. Palibe wokuseka, palibe wokuuza kuti upsa. Dzuwa linachoka pakhomo, linakwera padenga, linatsikira kuseri kwa sitolo ya matayala, iwo ali chogwada. Mayi anamwa chakumwa chawo theka, n'kuyamba kusinza, kansalu kali pamiyendo. Waya wina anali atasungunuka pang'ono chifukwa cha moto uja, ndipo anamusintha yense kuti asadzavute munthu panjira.

Mlongoti anafika dzuwa litapendeka, ndipo atangoona njinga yake anayamba kuizungulira, mano onse ali pamtunda. Anakwera n'kukhala chowongoka, manja ali m'mwamba, ati tsopano ndiye wakhala munthu. Hutala inalira, maindiketa anaphethira mbali zake zoyenera, nyali inayaka yaifupi ndi yaitali. A Mawaya analiza injini n'kuisiya ikuguguda yokha, kenako anakhotetsa mahandulo mpaka kumapeto uku ndi uku, khutu lili tcheru. Kulira kwa injini sikunasinthe. Anamuuza kuti apite, ndipo sizasi akabwezere mwini wake. Mlongoti anathokoza mobwerezabwereza, ati mumzinda monse muno mulibe mmisiri wa maso akuthwa ngati madala awa. Anaweramira kwa mayi kuti atsazike, koma ataona kuti agona anangonyamuka.

Phokoso la njinga litazimiririka, a Mawaya anaima pakati pa garaja, manja ali lende. Kenako anatulukira khomo la kuseri, kumene kunali mpopi ndi mulu wa matayala otha, anasiya chitseko chotsegula kuti aziona mpando, n'kutulutsa foni.

Mwana anayankha msanga, mwamantha, kufunsa ngati amayi asowanso. Anamuuza kuti ayi, ali pompano, akugona. Anafunsa ngati agwa, kapena adwala, kapena achita china choopsa. Anamuuza kuti palibe chachitika, ndipotu lero aseka kwambiri kuposa masiku onse. Mwanayo anasokonezeka, n'kufunsa kuti nanga bwanji mawu awo akumveka choncho. Akanamuuza chiyani? Kuti afotokoze anayenera kuyambira pa tomato wosapsa, ndipo nkhani imeneyo mwini wake wina anali asakuikumbukanso. Kuiulula okha kunali ngati kugulitsa katundu wa munthu amene ali m'tulo.

"Bwera Loweruka, mama," anatero. "Udzawatenge amayi ako."

Kumbali inayo kunamveka kulira kwapansipansi. Mwana anati nawonso apite, malo alipo, asatsale okha m'nyumba ija. Iwo anati adzawaperekeza, adzagonako masiku angapo mpaka mayi azolowere, za kutsogolo adzaona. Anamuuza kuti abweretse chikwama chachikulu, ndipo anadula foni asanayambe nawonso zamanyazi. Anatsegula mpopi n'kusamba kumaso nthawi yaitali.

Atalowa anayamba kulongedza zida. Anapachika masipanala m'misomali yake, anazimitsa chowotcherera, anasesa tizidutswa ta mawaya. Kukokera kwa tsache ndiko kunawadzutsa mayi. Anayang'ana pamene panali njinga, anayang'ana mwamuna wawo, ndipo maso awo anali oyera, odziwa, monga zimachitikira nthawi zina ndi matenda amenewa, ngati akufuna kukuzunza dala.

"Yapita njinga ija, abambo?"

"Yapita, amayi. Mwini wake wasangalala."

"Sindinaphonye?"

"Simunaphonye ngakhale mmodzi."

Mayi anagwedeza mutu mokhutira, anapinda kansalu kawo bwinobwino, n'kutambasula dzanja kuti awadzutse. Ataimirira anawasasa fumbi paphewa mwamuna wawo, akuseka pang'ono.

"Inutu inu," anatero. "Mukanatani popanda ine?"

"Sindikudziwa, amayi," anayankha a Mawaya.

Mayi anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Bambo anawaveka juzi, dzanja ili kenako ili, anawamanga mabatani mpaka m'khosi chifukwa kunja kunali kutayamba kamphepo, ndipo anawauza kuti aime pompo, asasunthe, iwo atseke chitseko.